Akauntanti akhoza kulangiza mabanja pa chuma, koma njira yake ikonzedwe kaye

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa tsogolo la akauntanti m'dziko muno, makamaka amene ali ndi timaofesi tawotawo. Ntchito yolemba mabuku a ndalama ikutsika mtengo. Mapulogalamu a pakompyuta monga Sage ndi QuickBooks amamaliza m'maola ochepa zimene kale zinkadya masiku, ndipo kuyambira pamene MRA idatsegula Msonkho Online, njira yotumizira za msonkho pa intaneti, eni mabizinesi ena amadzitumizira okha mafomu a msonkho. N'chifukwa chake maso a akauntanti ayamba kuloza ku ntchito ina: kulangiza munthu payekha kapena banja pa penshoni, ngongole, masheya, inshuwalansi ndi chuma chamasiye. Ntchitoyo ilipo ndipo Amalawi akuifuna kwambiri. Koma tikailowa mmene tililimu, tipweteka anthu ambiri.

Chimene akauntanti ali nacho kale ndi luso lowerengera msonkho ndi kukwera mitengo kwa zinthu pamodzi. Tiyerekeze kuti munthu waika K10 miliyoni ku banki kwa chaka pa chiwongoladzanja cha 12 peresenti. Iye amawerengera K1,200,000. Koma banki idzadula msonkho wa 20 peresenti pa chiwongoladzanjacho, ndiye K240,000 yapita, watsala ndi K960,000. M'chaka ngati cha 2024, pamene mitengo ya zinthu inkakwera ndi 30 peresenti kapena kuposerapo, akadafunika K13 miliyoni kuti agule katundu yemwe uja wa K10 miliyoni. Iye ali ndi K10,960,000. Pabuku wapindula, koma kumsika wataya ndalama zoposa K2 miliyoni. Onjezani apo kugwa kwa kwacha: 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene ankasungira galimoto kapena fizi ya mwana wophunzira kunja adaona ndalama zake zikuchepa mphamvu usiku umodzi. Wogulitsa inshuwalansi sakhala pansi kumuwerengera munthu zimenezi, chifukwa si zimene amalipidwira.

Pa penshoni ndi pamene mlangizi akufunika koposa. Lamulo limati bwana aike 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Wolandira K800,000 pamwezi ayenera kuona K120,000 ikulowa mwezi uliwonse. Choyamba chimene mlangizi achite ndi kuitanitsa sitetimenti ya penshoni ndi kuifananitsa ndi mapepala a malipiro, mwezi ndi mwezi, chifukwa alipo mabwana amene amadula 5 peresenti ija koma osaitumiza, ndipo Reserve Bank yakhala ikudandaula za ngongole zotere kwa zaka zambiri. Wantchito amadzazindikira tsiku lopuma, mwina kampaniyo itagwa kale. Chachiwiri ndi fomu yosankha odzalandira ndalamazo mwini akamwalira. Ambiri adailemba tsiku loyamba ntchito, asanakwatire, ndipo pali dzina la mayi kapena mchimwene wawo, pomwe mkazi ndi ana atatu palibe.

Tsono lamulo la penshoni la 2023 lidakweza gawo limene munthu angatenge nthawi imodzi popuma, kuchoka pa 40 kufika pa 50 peresenti. Anthu adakondwa, ndipo m'pomveka. Koma ndalama imeneyi ndi imene imathera mu minibasi imene mwini wake sadayendetsepo, kapena m'nyumba imene imaima pa lintala. Theka lotsala lija nalonso lili ndi msampha wake. Munthu akasankha kumalandira ndalama yofanana mwezi uliwonse mpaka imfa, adziwe kuti mitengo ikamakwera ndi 25 peresenti pachaka, K300,000 ya lero idzakhala ikugula theka lokha pakatha zaka zitatu. Ayenera kuona masamu amenewa papepala asanasaine, pakuti akasaina sabwereranso m'mbuyo.

Komabe kudziwa mabuku a kampani sikupanga munthu kukhala mlangizi wa banja. Kampani ilibe maliro, ilibe mphwake wofuna fizi, siitumiza feteleza kumudzi mu Okutobala. Ndondomeko za m'mabuku akunja zimagawa malipiro ngati kuti munthu amadya yekha, ndipo zimagwa mwezi wachiwiri. Ndondomeko ya Mmalawi iyenera kuyalidwa pa miyezi 12, kusonyeza pamene fizi imagwa mu Seputembala, Januwale ndi Epulo, pamene zipangizo zaulimi zimagulidwa, ndi ndalama yeniyeni imene imapita kwa achibale, yolembedwa ngati gawo la bajeti osati ngati ngozi. Mlimi wa fodya amene amalandira zake zonse pa nyengo ya msika mpaka Ogasiti akufunika ndondomeko yosiyana ndi ya mphunzitsi. Ndiponso anthu amabisa ngongole. Mlangizi amene safunsa mwaulemu za banki m'khonde, chipereganyu ndi katapila akuwerengera theka la nkhani. Ngongole ya 20 peresenti pamwezi ndi 240 peresenti pachaka, ndipo palibe masheya a pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange amene munthu angadalire kuti amubwezera zimenezo chaka ndi chaka. Wotere ayambe wabweza ngongoleyo, kenako asunge ndalama zokwana kudya miyezi itatu pamalo poti angazitenge msanga. Za masheya zibwere pambuyo.

Nkhani ya chilolezo ambiri akuidumpha. Kukhala membala wa ICAM, bungwe la akauntanti m'dziko muno, kapena kulembetsedwa ku Malawi Accountants Board kumakuloleza ntchito ya uakauntanti. Kulangiza anthu kumene angaike ndalama zawo, monga masheya, kuli pansi pa malamulo ena, Financial Services Act ndi Securities Act a 2010, ndipo wopereka chilolezo ndi Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank. Akauntanti amene akuuza kasitomala kuti agule masheya akuti nkulipiritsa, alibe chilolezocho, akudziika pamavuto iye ndi kasitomalayo. Chimodzimodzi ndi wilo. Mlangizi akumbutse munthu kuti lamulo la chuma chamasiye la 2011 limafuna wilo yolembedwa, yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri, amuthandize kulemba mndandanda wa katundu ndi ngongole zake, koma kulemba wiloyo asiyire loya.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi malipiro a mlangizi. Akamalandira komishoni kuchokera ku kampani ya inshuwalansi kapena yosunga ndalama, ndiye kuti tapatsa fisi ntchito yolondera khola. Sadzauza munthu kuti abweze kaye ngongole kapena agule ma Treasury bill, amene ndi kubwereketsa boma ndalama kwa masiku 91, 182 kapena 364, chifukwa pamenepo iye sapezapo kanthu. Ku Britain adaletsa komishoni yotere pa malangizo a kaikidwe ka ndalama kumapeto kwa 2012. Ku South Africa lamulo la FAIS la 2002 limakakamiza mlangizi kukhala ndi chilolezo ndi kuulula zimene amapindula. Ife tisadikire kuti anthu alire kaye. Mlangizi alipidwe ndi kasitomala, mtengo wodziwika asanayambe ntchito, ndipo ngati pali kanthu kena kamene akulandira kumbali, akalembe papepala lomwelo.

Ndipo asagwire ndalama ya kasitomala, ngakhale tsiku limodzi. Ndalama ichoke ku akaunti ya mwini kupita ku banki, ku SACCO kapena kwa wogulitsa masheya wovomerezeka, m'dzina la mwini, sitetimenti izibwera kwa mwini. Ndalama zimasowa pamene zasakanizidwa mu akaunti ya ofesi, mlangizi n'kuyamba kubwereketsa anzake poganiza kuti abweza. Ngakhale chilolezo sichiteteza kotheratu. Alliance Capital inali kampani yovomerezeka yosunga ndi kuchulukitsa ndalama za anthu, koma idatsekedwa mu 2022 anthu ndi mabungwe ndalama zawo zili momwemo. Mlangizi wabwino amagawa chuma cha munthu m'malo angapo, ndipo akamva chiwongoladzanja choposa kwambiri cha ma Treasury bill amafunsa kuti ndalamazo zikukagwira ntchito yanji.

Pempho langa likupita ku ICAM ndi Reserve Bank pamodzi. Ku America bungwe la akauntanti la AICPA lili ndi satifiketi yapadera ya ntchito imeneyi, yotchedwa PFS. Nafenso tikufunika maphunziro athu, okhudza penshoni, inshuwalansi, chuma chamasiye ndi msika wa masheya wa kuno, okhala ndi mayeso. Wopambana alowe m'kaundula woti aliyense angamuone pa intaneti, akhale ndi inshuwalansi yolipira kasitomala akalangizidwa molakwa, ndipo malangizo aliwonse aziperekedwa olembedwa, mu Chichewa kapena Chitumbuka ngati mwini akufuna, osonyeza zimene mlangizi waganizira pa kukwera kwa mitengo ndi msonkho. Ndondomekoyo iziunikidwanso chaka chilichonse bajeti ya boma ikaperekedwa, chifukwa ndi pamene misonkho imasintha.

Alipo amene anganene kuti mphunzitsi kapena namwino sangakwanitse kulipira akauntanti. N'zoona ngati aliyense abwera payekha. Koma SACCO kapena bungwe la ogwira ntchito likhoza kulemba mlangizi mmodzi, iye n'kuphunzitsa anthu 30 tsiku limodzi, kenako n'kukhala ndi aliyense ola limodzi payekha, atabweretsa sitetimenti ya penshoni, mapepala a malipiro a miyezi itatu ndi mndandanda wa ngongole zonse. Ayambe ndi amene atsala ndi zaka zisanu kuti apume.

Wowerenga wanu,
Blantyre