Kalata kwa bwana oyang'anira nyumba ina ya maofesi aboma muno mu Mzuzu

Bwana, moni. Dzina lanu sinditchula, mukudzidziwa nokha.

Ndine uja ndinabweretsa miyala itatu yosema pa risepishoni panu, mutandiitana nokha kuti alendo akamalowa aziona luso la anthu akuno. Lachiwiri lapitali ndinabwera kudzaiona. Waukulu uja wabowo pakati ndinaupeza kuseri pafupi ndi zimbudzi, pabowopo atayanikapo mopu yonyowa, ndowa ili pansi. Bwana, mwala umenewu ndinaugogoda miyezi isanu ndi iwiri kwathu ku Chibavi, hamala ndi tchizulo basi, kenako sandipepala wam'madzi m'kuzizira kwa mu June kuja mpaka zala kung'ambika, kenako kuutenthetsa pamoto n'kuupaka phula kuti uwale, lero ndi choyanikira mopu ndipo m'mphepete mwabenthuka. Mayi okolopa aja sindikuwadandaula ayi, iwo anangoona mwala wabowo. Anandifunsa kuti kodi chimenechi ndi munthu kapena nyama. Si munthu, si nyama. Bowolo ndi malo amene mayi anga anasiya atamwalira, ndipo kapepala kofotokoza zimenezi ndinakupatsani m'manja kuti mumate pakhoma. Sikanamatidwe.

Zinazi ndingotchula. Makalata anayi osayankhidwa, ndikaimba foni akuti muli ku miting'i, mwala waung'ono uja alonda akutchingira chitseko kuti chisamatsekeke ndi mphepo, galimoto yobweretsera ndinalipira ndekha.

Ndimakulemekezani bwana, ndikudziwa kuti zochita zimakuchulukirani. Koma paja tsiku lija pakamwa panu panatuluka zambiri, eti ikhala miyezi itatu yokha, eti umodzi ofesi igula, vocha yangotsala kusayina. Mvula yagwa kawiri chinenereni. Munatchulanso za ku Zimbabwe, kuti nafe tifike pamenepo. Poti munayamba nokha, ku Tengenenge kumene Tom Blomefield anayambitsa zosema miyala mu 1966 pa famu yake ya fodya, ambiri mwa osema oyamba anali antchito a m'mafamu ochokera ku Malawi kuno, Mozambique ndi Angola. Lero miyala ya ku Zimbabwe ili pa eyapoti ya Atlanta ku America, mwala uliwonse pamalo pake ndi dzina la wosema. Ife ana awo a anthu omwewo, pa mopu. Zoona?

Ndiye pempho langa nali. Mwezi uno usanathe, mundilipire waukuluwo pamtengo tinagwirizana uja, chifukwa wobenthuka palibenso angaugule. Iwiri inayo mundibwezere pa galimoto ya ofesi mpaka pakhomo panga, ndipo potsitsa pakhale anthu anayi, ndi yolemera. Lachisanu m'mawa ndibwera ndidzakhala pa benchi ya alonda, miting'i yanu ikatha mudzandipeza pomwepo.

Ine wosema miyala wa ku Chibavi