Pempho kwa ana a ku Kachulu amene muli kutali

Abale athu, ife a komiti ya pagombe la nyanja ya Chilwa kuno ku Kachulu takulemberani mwamanyazi, koma tasowa pogwira.

Chiyambireni kutentha kwa Okutobala, madzi a m'mbali mwa doko abiriwira ndi ndere. Mukatunga m'ndowa, pansi pa ndowayo simupaona. M'mamawa anyamata opita ku mabwato akumapeza makumba ndi matemba atayandama chagada, fungo lake mpaka kumsika. Milamba yokha ndiyo ikupirira, poti iyo imatha kupuma pamwamba.

Alangizi a za nsomba atifotokozera kuti ndereyi ikunenepa ndi feteleza wokokoloka m'minda ya mpunga komanso zonyansa zotsika ndi mtsinje wa Likangala kuchokera m'tauni. Chilwa mukuidziwa, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, cholowamo chimakhala momwemo. Ndere ikafa n'kuyamba kuwola imamaliza mpweya m'madzi, nsomba n'kubanika. Ndere ina imakhala ndi poizoni amene sachoka ngakhale muwiritse madziwo.

Apa ndiye pali nkhani yathu. Mjigo uja wa pafupi ndi sukulu, umene ambiri a inu munkapopa mukadali ndi yunifomu, unathyoka. Kunabwera anthu pa galimoto, anaujambula, analonjeza, mpaka lero zii. Amayi anu akutunga m'nyanja momwemo, n'kumasefa ndi chitenje. Ana atuluka zidzolo, ena akutsegula m'mimba, ndipo za kolera wa m'zimbowera, tinyumba ta asodzi toyandama panyanja, simufunika kukumbutsidwa.

Sitinangopinda manja ayi. Njerwa taumba ndi kuwotcha, mchenga amayi atuta pamutu, asodzi asonkha kangachepe ngakhale makoka akubwera opanda kanthu. Chatikanika ndi mapaipi, simenti ndi ndalama ya mmisiri.

Mu 1995 nyanjayi itauma anthu n'kumapita ku chilumba cha Chisi wapansi, makolo anu sanakutulutseni sukulu. Madzi atabwerera, ndi matemba omwewa amene analipira fizi yanu. Lero muli ku Lilongwe, ku Blantyre, ena ku Joni. Zithunzi zanu pa Facebook adzukulu amationetsa, ndipo timanyadira. Kungoti ena mwa inu tinakuonani komaliza pa maliro.

Amene wakhudzidwa alankhule ndi amfumu kapena wapampando wa komiti, kwawo mukukudziwa. Njerwa zili panja, ndipo mitambo ya mvula yayamba kale kuoneka cha ku phiri la Zomba.