Lipoti la msonkhano: mtengo wopanda mizu wa ku New Caledonia

A wapampando ndi mamembala nonse, zikomo ponditumiza ku msonkhano wa akatswiri a zomera uja. Nkhani zinalipo zambiri, koma ndakutengerani imodzi imene inadya nthawi yaitali, ya kamtengo kotchedwa Parasitaxus usta.

Kamamera ku New Caledonia kokha, chilumba cha m'nyanja ya Pacific kum'mawa kwa Australia. N'kam'gulu la paini ndi mkungudza, koma mutakaona simungavomere. Chithunzi chitaonekera pakhoma, ena anayesa chomera cha pansi pa nyanja: nthambi zofiirira ngati zapsa, timasamba tating'ono tomamatira kunthambi, msinkhu wosafika mamita awiri. Kubiriwira kulibe, mizu kulibenso. Kamadziphatika ku mizu kapena patsinde pa mtengo wina, Falcatifolium taxoides, n'kumamwa madzi pamenepo, monga achitira kaufiti pa chimanga. Pa mitengo yonse ya gulu limeneli padziko lapansi, ndi kokhaka kamene kakudziwika kuti kamadyera mnzake, ndipo mnzakeyo ndi wa banja lake lomwe, la Podocarpaceae.

Mtsutso unakula pa funso la chakudya. Madzi kamatengadi kwa mnzakeyo, koma ofufuza anapeza kuti chakudya chenicheni chimadzera mwa timizu ta bowa timene timalowerera m'mitengo yonse iwiri. Ena pamsonkhanowo anati basi kaikidwe pamodzi ndi zomera zodya kudzera mwa bowa, ena anakana. Ine ndinaona kuti mbali zonse zinali ndi mfundo, chifukwa kamtengoka kamachita ziwiri zonsezo.

Dzina nalo layenda ulendo. Mfalansa Eugène Vieillard ndiye anakalemba koyamba m'zaka za m'ma 1860, ndipo kwa zaka zoposa 100 kanali m'gulu la Podocarpus. Katswiri wina wa zomera, David de Laubenfels, analengeza mu 1959 kuti kamadyera mtengo wina, ndipo mu 1972 anakapatsa gulu lakelake, Parasitaxus. Kafukufuku wa DNA wasonyeza kuti abale ake apafupi ali kutali, Lagarostrobos wa ku Tasmania ndi Manoao wa ku New Zealand. Ife sitili kunja kwa nkhaniyi: Podocarpus milanjianus, amene dzina lake linachokera ku phiri la Mulanje, ndi wa banja lomweli.

Chimene chinandikhudza n'chakuti nazale siingakapulumutse. Mkungudza timafesa, mbande n'kukabzala kuphiri. Aka kamafuna mtengo wake uja, bowa wake ndi mthunzi wa nkhalango, pomwe moto wolusa ndi migodi ya miyala ya nickel zikudya nkhalango za pachilumbacho. Bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse, linakaika kale pa mndandanda wa zomera zimene zili pachiopsezo.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira tikambirane zoyamba kulemba dzina la banja pa zikwangwani za m'nazale yathu, osati dzina la mtengo lokha. Zithunzi ndazisiya kwa alembi, ofuna kuziona akawapeze.