Za mtima wa amayi ako

Aise Yusufu,

Kuno ku Mangochi kwatentha moti tikugona osafunda, ndipo usipa wakwera mtengo. Koma ndikulembera za amayi ako. Lachiwiri ndinawaperekeza kuchipatala, anawayeza ndi makina a ECG, ojambula magetsi a mumtima, n'kuwaunikanso mtima. Popeza kumeneko ku Joni ukudya za magetsi, ndikufotokozera m'njira yoti wamagetsi amve.

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri kumtunda, ziwiri kumunsi. M'chipinda chakumtunda cha kumanja, pafupi ndi polowera mtsempha waukulu wobweretsa magazi ochokera kumutu ndi m'manja, muli kagulu ka maselo kotchedwa SA node. Kameneka ndiye jenereta. Kamayatsa kokha, maulendo 60 mpaka 100 pa mphindi munthu akakhala phee. Anakatulukira ndi Arthur Keith ndi Martin Flack mu 1907. Mphamvu ikachoka apo imatsikira ku AV node, pamalire a zipinda zakumtunda ndi zakumunsi, pomwe imaimikidwa pang'ono kuti magazi ayambe atsika, zakumunsizo zisanafinye.

Nanga chipinda chakumtunda cha kumanzere chimamva bwanji kuti nthawi yakwana? Pali kamtolo ka minofu kowolokera kumeneko, kamene Bachmann anakafotokoza mu 1916. Ine ndikamaphunzitsa ana a Fomu 3 ndimati ndi mlatho wathu wa pa Shire uja. Mabuku amajambulanso tinjira titatu pakati pa ma node awiriwa, koma usaganize za mawaya ako okutidwa ndi pulasitiki. Ndi minofu yomweyo ya mtima, yangoyalana moloza kumodzi, ndiye mphamvu imathamanga motsata mzerewo. N'chifukwa chake khoma la chipinda likawonongeka, njira nayo yawonongeka.

Ndi zomwe zachitika kwa amayi. Kachitseko ka pakati pa zipinda zakumanzere kanachepa, ndipo adokotala akuti gwero lake ndi zilonda zapakhosi za paubwana zomwe sizinachizidwe. Magazi akhala akupanikizana, chipinda chakumtunda chatanuka, tsopano magetsi akungozungulira mosokonekera, zipinda zakumtunda zikungonjenjemera m'malo mofinya. Amati atrial fibrillation. Papepala la ECG kaphiri kakang'ono kotchedwa P, koyenera kutsogolera kugunda kulikonse, sikakuoneka. Ndiwo "mtima kuthamanga ngati nsomba mu ukonde" womwe amadandaula uja.

Choopsa n'chakuti magazi osayenda bwino amaundana, ndipo kachibuluma kakapita ku ubongo ndi sitiroko. Awapatsa warfarin woletsa magazi kuundana, komanso mankhwala ochepetsa liwiro la mtima. Warfarin amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi, ndipo sagwirizana ndi mankhwala ena ambiri. Chonde imbira mlongo wako, ndamuona akubweretsa mabotolo a zitsamba. Ine sandimvera, iwe amakuopa.

Ukalandira, tumizako ya kabaza ndi minibasi, abwererenso kukayezetsa sabata yamawa. Moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzako,
Chikondi