Za nyumba ya ku Matawale ija

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno ku Zomba tili bwino, kungoti bondo la bambo ako layambiranso chifukwa cha chisanu chotsika m'phirimu. Upereke moni kwa mayi a ana ndi zidzukulu zanga.

Pa foni paja mayunitsi anatha nkhani ili pakati. Unati nyumba ya ku Matawale waikonda, ndalama zatsala pang'ono kukwana, koma anzako a kuntchito akuti udikire kaye poti mwina khonsolo ikweza mareti, msonkho uja wa malo ndi nyumba. Ndaisinkhasinkha masiku atatu, ndipo maganizo angawa sakugwirizana ndi a anzakowo.

Mareti sangotuluka m'mutu mwa munthu. Khonsolo imatuma akatswiri kuyeza mtengo wa malo ndi nyumba iliyonse, n'kulemba m'buku lalikulu. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limati bukuli lizikonzedwanso pakatha zaka zisanu, ndipo nyumba zatsopano kapena zowonjezeredwa zimalowa m'buku lapadera. Kenaka pokonza bajeti, khonsolo imaika mlingo woti uzilipira potengera mtengo uja. Ndiye msonkhowu ungakwere panjira ziwiri: akasintha mlingo, kapena akayezanso nyumba. Yowawa ndi yachiwiriyi, chifukwa nyumba yoyezedwa kalekale ikayezedwa lero mtengo wake umalumpha. Koma tandiuza, ukadikira chaka, kulumphako kukuphonya? Msonkhowu umatsata nyumba, sutsata tsiku lomwe waigula. Ngakhale pa lendi ulipopo, landilodi akauona wakwera amakusenzetsa iwe.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ine ndi ndalama yomwe yakhala kubankiyo. Mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Ukukumbukira m'mene simenti ndi malata zinathawira? Eni nyumba nawo anasintha mitengo nthawi yomweyo. Mareti a chaka chonse ndi kachinthu kochepa poyerekeza ndi zomwe munthu wosunga ndalama anataya usiku umodzi wokha.

Sindikuti uthamange ndi chikwama mawa m'mawa, ayi. Ife tinapsa kale. Nyumba tikukhalayi tinaigula Zomba asanatchedwe mzinda mu 2008, kwa bambo wina waulemu wake, wosajomba kutchalitchi. Bambo ako anachita manyazi kufunsa zambiri. Patatha miyezi inayi kunabwera kalata ya ngongole ya mareti ya zaka zingapo, chiwongoladzanja chili pamwamba, mwini wake atasamukira kutali. Tinagulitsa makina anga osokera aja. Safunsa anadya phula, ndipo lathu tinalidya ndithu. Mpaka lero ndikamva makina a munthu akulira mtima umandiwawa.

Choncho usanapereke ngakhale tambala, upite ku Civic Offices, kumaofesi a khonsolo, ndi nambala ya puloti pamodzi ndi mwini nyumbayo. Akuonetse sitetimenti. Ngati pali ngongole, alipire yekha kapena ichotsedwe pa mtengo, ndipo loya alembe zimenezo. Usazitenge mopepuka: ngongole ikakhalitsa lamulo limalola khonsolo kugulitsa nyumba kudzera kukhoti. Ufunsenso kuti nyumbayo inayezedwa liti, komanso ngati zipinda za kuseri zija zili m'buku. Ndinaziona podutsa, njerwa zake n'zatsopano. Ngati sizinalembedwe, dziwiratu kuti zikadzalowa msonkho udzakwera m'manja mwako, ndipo chimenecho n'chifukwa chokwanira chonenerera mtengo.

Palinso lendi ya malo, ija amati galaundi lenti. Imeneyo ndi ina, imapita kwa mwini nthaka, kaya ndi unduna wa za malo kapena a Malawi Housing Corporation. Anthu ambiri amaisokoneza ndi mareti. Uone malisiti a zonse ziwiri, ndipo upatule ndalama ya sitampa ndi ya loya posintha dzina.

Ngati pali kudikira komwe ndingavomereze, n'kudikira mvula basi. Nyumba ya ku Zomba siigulidwa mu October denga lili gwa. Uione mu February, pamene madzi akutsika m'phiri ndipo mtsinje wa Likangala wadzaza. Namondwe Freddy mu March 2023 anatisonyeza makoma omwe anali okongola ndi penti yokha. Zimakhalanso bwino chifukwa chaka cha boma tsopano chimayamba pa 1 April, ndiye miyezi yomweyo nkhani ya bajeti imakhala ikukambidwa, ukhoza kumva mlingo watsopano kuchokera kwa eni ake m'malo momvera za pa WhatsApp.

Bambo ako akuti adzakuperekeza, ati safuna kuti udzachite manyazi ngati iwo. Ubwere Lachinayi madzulo kuti Lachisanu mudzapeze maofesi ali otsegula. Undigulireko mankhwala opaka bondo aja, kuno asowa.

Ndine mayi ako.