Kalata yochokera ku Edinburgh

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Ndikhulupirira nonse muli bwino kumudziko. Ine kuno ndili bwino, kungoti mphepo yayamba kuluma. Ndalama ya feteleza ndatumiza kwa achimwene, muwafunse.

Bambo, nkhani iyi ndi yanu, poti mitengo mumaikonda. Mwezi watha abwana anga a ntchito ya m'munda ananditenga kukaona mitengo iwiri ya elm kunyumba yachifumu ya Holyroodhouse. Mtundu wake ndi Wentworth. Ndi yaitali pafupifupi mamita 30, masamba ake ndi akuluakulu onyezimira, ndipo nthambi zake zimalendewera pansi. Nditaima pansi pake ndinakhala chete kwa kanthawi.

Akatswiri ankati mtunduwu unatheratu. Kuno kuli matenda a chuku omwe amafalitsidwa ndi tizilombo tonga anankafumbwe, tofukula m'makungwa. Chukucho chimatseka njira za madzi m'thunthu, mtengo n'kuuma uli chilili. Matendawa apha mitengo ya elm mamiliyoni ambiri ku Britain, ndipo Wentworth wa m'munda wa Royal Botanic Garden Edinburgh, yemwe ankamuyesa womaliza, anafa nawo mu 1996.

Ndiye mu 2016 Dr Max Coleman wa kumunda komweko anaizindikira iwiriyi, itakhala pamaso pa anthu zaka zonsezo. Chomwe chandigwira mtima ndi mabuku awo akale. Munalembedwa kuti mu 1902 analandira mitengo itatu ya mtunduwu kuchokera ku nazale ya Späth ku Berlin. Akuganiza kuti iwiri mwa itatuyo ndi yomweyi. Amene analemba zimenezo anamwalira kalekale, koma lero tikutha kuganizira kwawo kwa mitengoyi chifukwa cha cholembera chake.

Usiku umenewo ndinaganiza za mango aja a kuseri kwa khola, opanda ulusi, omwe sindinawalawepo kwina kulikonse. Agogo okha ndi amene akudziwa komwe anatenga mbewu yake. Chonde muwafunse bwino akadali ndi mphamvu: anaitenga kwa yani, chaka chiti, ndipo ankawatcha dzina lanji. Mlongo wanga alembe zonsezo m'kope latsopano, musunge m'sutikesi ya Mayi. Mvula ikayandikira, mudule timphukira mumezanitse pa mbande zisanu kapena kuposa. Ndalama ya machubu ndidzawonjezera mwezi wamawa.

Mundiperekere moni kwa Agogo, azakhali ndi ana onse.

Ine mwana wanu wokukondani.