Bambo akunyumba akukana kusaina fomu ya green card yanga, nditani?

Zikomo Azakhali,

Ndikulemba kuchokera ku Indiana, m'dziko la America, komwe ndinabwera kudzatsata amuna anga. Ndasankha kutula nkhaniyi kwa inu chifukwa Amalawi kuno tilipo ndithu, makamaka cha ku South Bend, koma timadziwana tonse. Ukauza mmodzi Loweruka, pofika Lamulungu tchalitchi chonse chamva. Chonde dzina langa musalitchule.

Bambowa ndi Mmalawi mnzathu, koma anatenga unzika wa America kalekale. Anabwera kumudzi, tinachita chinkhoswe kwathu ku Ntcheu, tinadalitsa ukwati ku tchalitchi, kenako iwo anabwerera n'kuyamba kundiyendetsera mapepala. Nditafika kuno ndinalandira green card, khadi yolola mlendo kukhazikika m'dziko muno, koma ya zaka ziwiri zokha. Lamulo la kuno, lomwe linakhazikitsidwa mu 1986 pofuna kuthana ndi maukwati ongofunira mapepala, limati ngati ukwati sunakwanitse zaka ziwiri pa tsiku lomwe wapatsidwa chilolezo chokhala m'dziko muno, khadi yako imakhala yongoyembekezera. Kuti upeze ya zaka 10, awirinu mumayenera kudzaza limodzi fomu yotchedwa I-751 n'kuitumiza ku USCIS, ofesi yoona za anthu olowa m'dziko, m'masiku 90 omaliza khadiyo isanathe mphamvu. Mukapanda kutumiza, chilolezo chimathera pomwepo ndipo boma likhoza kukutsegulira mlandu wokubweza kwanu. Masiku 90 angawo anayamba kale kuwerengedwa, ndipo bambo akukana kusaina.

Gwero la zonsezi ndi mwana. Mpaka pano Mulungu sanatipatse mphatso. Apongozi anga akaimba pa WhatsApp, moni wawo ndi woti, "Kaya mwatisungira chiyani kumeneko?" Ndinapempha kuti tonse awiri tikaonane ndi dokotala, bambo anati iwo alibe vuto, ndipite ndekha. Kenako mphepo zinandipeza zoti ku Lilongwe kuli mtsikana amene akumulipirira nyumba. Nditawafunsa sanakane n'komwe. Anangoti, "Ndisaina ukavomereza kuti ndikhale ndi wina kumudzi. Ukakana, sutikesi yako ili apo. Paja ndinakubweretsa ndine."

Fomuyo ndinadzaza mbali yanga yonse, ili patebulo la pabalaza. M'mawa uliwonse amaikapo kapu ya tiyi, moti tsamba loyamba lachita kale mizere yozungulira ndipo ndiyenera kulisindikizanso. Pasipoti yanga anaitenga amvekere akundisungira, ili m'galimoto mwawo. Ine ndimagwira ntchito ya usiku kunyumba yosamalirako okalamba, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa. Malipiro amalowa mu akaunti ya tonse awiri, koma khadi ya kubanki ili m'thumba mwawo. Ndikafuna kutumiza kangachepe kwa amayi, ndimachita kupempha ndalama yomwe ndakhetsera thukuta ndekha.

Pa nthawi yopuma kuntchito ndakhala ndikuwerenga pafoni zomwe a USCIS analemba, ndipo ndapeza kuti munthu akhoza kutumiza fomuyi payekha. Amalola ngati mwamuna wamwalira, ngati ukwati unali weniweni koma watha kukhoti, ngati mwamuna amakumenya kapena kukuchitira nkhanza zoopsa, kapenanso ngati kubwezedwa kwanu kungakuike m'mavuto aakulu zedi. Apa mpamene mutu wanga waima.

Njira yothetsa ukwati imafuna kuti khoti likhale litagamula kale. Kuno ku Indiana khoti silingathetse banja masiku 60 asanadutse chikasumireni, ndipo mnzako akamalimbalimba zimatenga nthawi yoposa apo. Ndawerenganso kuti ukatumiza fomu mlandu uli mkati, amakulembera kalata yokupatsa masiku 87 kuti utumize chigamulocho. Nanga masikuwo akatha bambo akuzengereza dala? Komanso, Azakhali, kunena zoona ine sindinabwere kuno kudzathetsa banja. Munthuyu ndinamukonda, ndipo masiku ena akabwera ali bwinobwino n'kundifunsa ngati ndadya, mtima umabwerera.

Njira ya nkhanza ili ndi ubwino wake, poti siidikira kuti banja lithe. Koma bambowa sanandiikepo dzanja ngakhale tsiku limodzi. Kubisa pasipoti, kugwira ndalama, kundiopseza kuti andikweza ndege, kodi zimenezi ndi nkhanza zomwe lamulo likunena? Kwathu zoterezi timangoti ndi za m'banja, ndipo mkazi wozitulutsa kunja amatchedwa wosalangizidwa. Ndikuopa kulemba mawu akuti nkhanza pa pepala lomwe munthu amasaina molumbira, kenako n'kuuzidwa kuti ndakokomeza.

Njira iliyonse yomwe ndingatenge, amafuna umboni woti ukwati wathu unali weniweni. Umboni wake ndi wa mapepala: mgwirizano wa lendi wokhala ndi mayina onse awiri, mabilu, akaunti ya kubanki, mapepala a msonkho, inshuwaransi, ndi zikalata za kubadwa kwa ana. Chomalizachi ndiye chimandibaya, poti chomwe chasokoneza banja langa ndi chomwenso chikusowa mu envelopu. Lendi ndi magetsi zili m'dzina la bambo chifukwa nyumbayi ndinawapezamo. Chomwe ndili nacho ndi mapepala a msonkho omwe tinalembetsa ngati banja, inshuwaransi ya chipatala ya kuntchito kwawo yomwe ili ndi dzina langa, akaunti ija, ndi zithunzi za chinkhoswe, amalume atanyamula thadzi, a kuchimuna atanyamula tambala. Kwa ife chithunzi chimenecho chimatha nkhani yonse, koma kaya wogwira ntchito mu ofesi kuno aonapo chiyani kupatula anthu ogwira nkhuku. Amalolanso makalata olumbira ochokera kwa anthu osachepera awiri omwe amatidziwa ngati banja. Tsoka ilo, onse otidziwa kuno anayamba kudziwa bambo ine ndisanabwere, ndipo sindikuona yemwe angalole kudana nawo chifukwa cha ine. Fomu payokha, pomwe ndinaona komaliza, inali madola 750, loya osawerengera.

Amalume, omwe ndi ankhoswe anga, ndinawauza pang'ono chabe. Yankho lawo linali loti banja ndi kupirira, ndivomere zilizonse bambo asaine, zinazo tidzakambirana khadi ikatuluka. Mnzanga wina wakuntchito, wa ku Zambia, akunenanso zomwezo, ati wokhala pabanja ndi nzika amatha kupempha unzika pakatha zaka zitatu pomwe wina aliyense amadikira zisanu, ndiye ndingotseka maso. Koma onsewa akuganiza kuti siginecha ndiye mapeto. Ukatumiza fomu amakupatsa kalata yoonjezera mphamvu ya khadi yakale ndi miyezi 48, kusonyeza kuti yankho likhoza kuchedwa zaka. Mkati mwa nthawi imeneyo akhoza kutiitana tonse awiri kukatifunsa mafunso. Ndiye kuti bambo akasaina lero, chingwe chikhalabe m'manja mwawo mpaka tsiku limenelo, ndipo ine ndidzakhale pambali pawo mu ofesi ndikumwetulira, ndikudziwa kuti lendi ya mnzanga ku Lilongwe ikuchokera mu akaunti yomwe ndikuonetsa ngati umboni.

Ndikanakonda amayi akanabwera kudzatikhazika pansi, poti bambowa amawachitira manyazi. Koma mu Ogasiti 2025 boma la kuno linalamula kuti Mmalawi wofuna viza yodzacheza kuno akhoza kuuzidwa kuti apereke chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Ife ndalama zimenezo tizitenga kuti? Ndipo kubwerera kumudzi sikophweka monga ena amaganizira. Fizi ya mng'ono wanga ku sekondale ndi feteleza wa amayi zikuchokera m'manja angawa. Ndikatsika pa Kamuzu International Airport wopanda mwamuna, wopanda mwana, wopanda khadi, akuchimuna adzati ndinkangofuna mapepala, akwathu adzati ndinalephera banja.

Ndikudziwa kuti inu si loya, ndipo za malamulozi ndiyenera kukafunsa odziwa. Ndamva kuti kuli mabungwe ena a mipingo omwe amathandiza alendo pa mtengo wotsika, ndipo ndikufuna ndipiteko masiku asanathe. Chomwe ndikupempha kwa inu ndi nzeru za umunthu. Kodi ndikapita kwa loya mwakachetechete ankhoswe asanamve nkhani yonse, ndiye kuti ndawadumpha? Ndikawauza zonse, mawa lake bambo amva, ndipo ndikuopa kuti atseka akaunti ndi kubisa mapepala a msonkho aja ndisanawajambule. Kodi ndivomere za mkazi winayo pakamwa pokha kuti asaine, mumtima ndikudziwa kuti sindidzavomera? Kapena ndiwauze maso ndi maso kuti lamulo limandilola kutumiza ndekha, mwina akadziwa kuti siginecha yawo ilibe mphamvu yomwe akuiganizira angayambe kulankhula nane ngati mkazi wawo? Ndipo pasipoti ija, ndiitenge ndekha m'galimoto iwo akugona, kapena ndiipemphe pamaso pa abusa?

Ndithandizeni msanga, Azakhali, khadi ikutha.

Ine wanu wosowa pogwira,
Mayi wa ku Indiana